Pensulo Kaye Kapena Mawu Kaye?

M'masitudiyo opanga makatuni a ana, makamaka a ku Burbank ndi Los Angeles ku America, muli mkangano umene wadutsa mibadwo ingapo ya ojambula koma mpaka lero sunazirale. Funso lake ndi lalifupi: nkhani ya katuni iyambire kwa mlembi kapena kwa wojambula? Mwana amene akufa ndi phwete poonera SpongeBob alibe nazo ntchito zimenezi. Komabe zambiri zimene akuona, kuchuluka kwa zolankhula, kutalika kwa nthabwala, ngakhale mmene nkhope ikupindikira, zinagamulidwa tsiku limene situdiyo inasankha mbali pa funso limeneli.

Katuni iliyonse imadutsa pa storyboard, kaya situdiyo ili mbali iti. Storyboard ndi mndandanda wa timabokosi tojambulidwa mwachangu tosonyeza zimene woonera adzaone: apa nkhope yayandikira, apa munthu ali patali, apa watembenuka, ndipo m'munsi mwa kabokosi kalikonse mumalembedwa zolankhula ndi zochitika. Kusiyana kuli pa zimene wojambula amapatsidwa asanagwire pensulo. M'njira yoyamba, mlembi amalemba sikiripiti yathunthu, mawu onse ndi zochitika zonse, akuluakulu n'kuivomereza, kenako wojambula n'kuisandutsa zithunzi. M'njira yachiwiri, wojambula amangolandira chidule cha masamba awiri kapena atatu chonena kumene nkhani iyambire ndi kumene ikathere. Zapakati zonse, nthabwala, zolankhula, nthawi zina ngakhale nyimbo, amazipeka yekha ali pakati pojambula. Eni ntchitoyi amati mapulogalamu a njira yoyamba ndi script-driven, a njira yachiwiri ndi board-driven.

Njira yachiwiriyi ndiyo yakale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ku situdiyo ya Walt Disney, wojambula wina dzina lake Webb Smith anayamba kujambula zochitika pa timapepala tosiyanasiyana n'kumatibaya ndi mapini pabolodi kuti nkhani yonse ioneke pamodzi. Katuni ya Three Little Pigs ya mu 1933 ndi imene imatchulidwa kawirikawiri kuti ndiyo yoyamba kukonzedwa yonse mwa njira imeneyi. Masitudiyo ena anatengera. Ku Warner Bros., anthu amene ankatchedwa olemba nkhani za Bugs Bunny ndi Daffy Duck, monga Michael Maltese ndi Warren Foster, ankalemba ndi zithunzi. Ku MGM, Joseph Barbera ankajambula yekha nkhani za Tom and Jerry, mnzake William Hanna n'kumawerengera nthawi ya chochitika chilichonse.

A mbali ya pensulo amayambira pamenepa, ndipo mfundo yawo yoyamba njovuta kuigwetsa. Tengani nkhandwe ija, Wile E. Coyote, imene Chuck Jones ndi Maltese anaiyambitsa mu 1949. Mukailemba papepala, nthabwala yake yotchuka ndi mzere umodzi: nkhandwe yapitirira m'mphepete mwa phompho, yagwa. Palibe choseketsa. Choseketsa chili m'zimene mzerewo sungathe kunena. Nkhandwe ikuthamangabe m'malere, osadziwa kuti nthaka yatha kale. Yaima. Ikupapasa pansi ndi phazi limodzi, osakhudza kanthu. Yayang'ana pansi, kenako yatiyang'ana ifeyo, makutu ali lende. Thupi layamba kugwa, khosi n'kutamuka, mutu n'kutsatira pambuyo. Tsopano tikuionera kuchokera pamwamba, ikucheperachepera mpaka kusowa, pali zii pang'ono, kenako kafumbi kakang'ono n'kuoneka pansi pa chigwa. Filimu imayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo kafumbi kaja kakafulumira kapena kuchedwa ndi zithunzi zochepa chabe, nthabwala yafa. Woyang'anira filimu ndiye amawerengera nthawiyo, koma ganizo loti nkhandwe iyambe yatiyang'ana isanagwe limabwera kwa munthu amene nkhopeyo ikutuluka pa pensulo yake.

Njira imeneyi ilinso ndi mayeso ake. Wojambula akamaliza amaimirira kutsogolo kwa khoma lodzaza timapepala, kandodo kali m'manja, anzake atakhala pansi. Amaloza kabokosi kamodzikamodzi uku akusewera nkhani yonse yekha: mawu a wamkulu, mawu a mwana, kulira kwa chitseko, kugwa kwa mphika. Anzakewo akapanda kuseka, palibe chokambirana, kapepalako kachotsedwa, wina n'kujambula kena pomwepo. Masiku ano zithunzizo zimaonetsedwa pa sikirini ya kompyuta, koma mwambo woimirira ndi kusewera ulipobe. Nthabwala imayesedwa mmene idzaonekere, osati mmene ikumvekera powerenga. Zili ngati nthano ya Kalulu: ya m'buku la kusukulu ndi imene agogo amasimba madzulo ndi imodzi yomweyo, koma ana amaseka pamene agogo akhala chete pang'ono n'kutong'ola maso, ndipo zimenezo m'bukumo mulibe.

Mfundo yawo yachiwiri ikukhudza mwanayo. Mwana amawerenga nkhope asanadziwe kuwerenga zilembo, ndipo amatsatira chochitika asanatsatire chiganizo. Kwathu kuno umboni wake sitiufunafuna kutali. M'timanyumba toonetsa mavidiyo m'misika, mafilimu a nkhondo ndi a karate amakoma akawaikira womasulira m'Chichewa, koma Tom and Jerry sanafunepo womasulira. Hanna ndi Barbera anapanga makatuni 114 a mphaka ndi khoswe ameneyu pakati pa 1940 ndi 1958, asanu ndi awiri mwa iwo n'kupata mphotho ya Oscar, pafupifupi onse opanda zolankhula.

Nanga sikiripiti inalowa bwanji? A mbali ya pensulo amayankha mosabisa kukwiya: inabwera ndi ndalama, osati luso. Mu 1957 MGM inatseka dipatimenti yake ya makatuni, Hanna ndi Barbera n'kutsegula kampani yawo yopangira wailesi ya kanema. Ndalama zimene ankapatsidwa pa katuni imodzi zinali kachigawo kakang'ono chabe ka zimene ankagwiritsa ntchito pa Tom and Jerry. Anapeza njira yochepetsera zojambula: thupi liime, pakamwa pokha pazigwedera. Ichi n'chifukwa chake chimbalangondo Yogi Bear chimavala kolala ndi tayi koma chopanda malaya. Kolalayo imabisa polumikizira, kuti mutu uzijambulidwa pawokha thupi lili chiimire. Zithunzi zikaleka kuyenda, katundu yense amagwera pa mawu, ndipo Chuck Jones ankanyoza makatuni otere kuti ndi wailesi yokhala ndi zithunzi. Poyamba Maltese ndi Foster, amene anasamukira ku Hanna-Barbera, ankalembabe ndi pensulo. Koma mapulogalamu atatalika n'kufika theka la ola, ndipo akuluakulu a mawailesi atayamba kufuna kuona ndi kuvomereza chilichonse chisanapangidwe, makamaka madandaulo a makolo okhudza zachiwawa atakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pepala lotaipidwa linakhala losavuta kuliwerenga, kulidula ndi kulisainira.

M'zaka za m'ma 1980 zinafika pachimake. He-Man wa mu 1983 anali chidole cha kampani ya Mattel asanakhale katuni, ndipo Transformers wa mu 1984 anali wa Hasbro. Mapulogalamu otere ankapangidwa magawo 65 nthawi imodzi kuti azionetsedwa masiku 5 pa mlungu kwa milungu 13. Magawo ochuluka chotero sangadikire wojambula kuti nthabwala imufikire. Pamafunika gulu la alembi, aliyense ndi gawo lake, ndipo chidole chatsopano chionekere pamene mwini wake wanena. Nthawi yomweyo ntchito yambiri yojambula inayamba kutumizidwa ku Japan, South Korea ndi Taiwan kumene inali yotsika mtengo. Storyboard inaleka kukhala malo opekerapo nkhani n'kusanduka kalata ya malangizo yopita kwa anthu a kutsidya la nyanja olankhula chinenero china.

Kubwerera kwa pensulo kuli ndi mwezi wake. Mu August 1991 Nickelodeon inayambitsa makatuni atatu tsiku limodzi: Doug, Rugrats, ndi The Ren & Stimpy Show. John Kricfalusi, mwini Ren & Stimpy, ankalalikira poyera kuti munthu wosadziwa kujambula asalembe katuni, ndipo situdiyo yake, Spümcø, inabwezera nkhani m'manja mwa ojambula. Zotsatira zake zinadzidzimutsa anthu: nkhope zimene sizinaonekepo, zopindika mosiyana pa chithunzi chilichonse, zonyansa koma zamoyo. Mzere wa amene anatsatira njirayi ndi wautali. Pa Rocko's Modern Life ya mu 1993 panagwira ntchito Stephen Hillenburg, amene kale ankaphunzitsa za zamoyo za m'nyanja ku California ndipo mu 1999 anatulutsa SpongeBob SquarePants, komanso Dan Povenmire ndi Jeff Marsh amene anadzapanga Phineas and Ferb. Ku Cartoon Network, Genndy Tartakovsky anapanga Dexter's Laboratory mu 1996, kenako Samurai Jack mu 2001, m'mene mumadutsa mphindi zingapo popanda wolankhula. Pa katuni ya Flapjack ya mu 2008 panadutsa Pendleton Ward ndi J. G. Quintel, amene mu 2010 anatulutsa Adventure Time ndi Regular Show. Pa Adventure Time panaphunzirira Rebecca Sugar, amene mu 2013 anakhala mkazi woyamba kuyambitsa yekha pulogalamu ya makatuni pa Cartoon Network, Steven Universe.

Mndandandawu ndi mfundo pawokha, ndipo ine ndimaiona kuti ndiyo yamphamvu koposa zonse za mbali imeneyi. Wojambula amene wapatsidwa mphindi 11 kuti azidzaze ndi nzeru zake amaphunzira ntchito yonse: kuyala nkhani, kuika kamera, kulemba zolankhula, kudziwa pothera. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi amakhala wokonzeka kuyambitsa pulogalamu yake. Amene amangosandutsa sikiripiti ya wina kukhala zithunzi amatha kukhala katswiri wa manja, koma mwayi woyesa mutu wake saupeza msanga.

A mbali ya sikiripiti amamvetsera zonsezi, kenako amati: malizani nkhani ya Ren & Stimpy. Magawo ake ankachedwa kwambiri moti wailesi inkangobwereza ochepa omwewo, ndipo panali kukokanakokana kosatha pa zinthu zimene akuluakulu ankati sizoyenera ana. Mu 1992, patangotha chaka chimodzi, Nickelodeon inachotsa Kricfalusi pa pulogalamu yake yomwe. Rugrats, imene inabadwa tsiku lomwelo koma yolembedwa ndi alembi, inafika mpaka 2004.

Mfundo yawo yaikulu ndi mtengo wa kufufuta. Nkhani iliyonse imayamba yolakwika, ndipo funso ndi lakuti cholakwikacho chipezeke liti. Chikapezeka pa sikiripiti, mlembi amafufuta tsamba, pofika madzulo walemba lina. Chikapezeka pa storyboard, ndiye kuti anthu awiri atha milungu ingapo akujambula timabokosi mazanamazana, ndipo theka la ito tikupita m'bini. Pa kankhani ka mphindi 7 ka mphaka wothamangitsa khoswe zimenezi sizivuta, chifukwa nthabwala imodzi ikachoka ina imalowa m'malo mwake popanda kugwedeza zinzake. Pa nkhani imene chochitika cha mphindi yachitatu chiyenera kudzabala zipatso pa mphindi ya 20, kuchotsa chimodzi kumagwetsa zonse.

Apa amatchula Avatar: The Last Airbender, ya Michael Dante DiMartino ndi Bryan Konietzko, imene inayamba mu 2005 n'kutha ndi magawo 61, alembi ake akutsogozedwa ndi Aaron Ehasz. Zuko, mwana wa mfumu amene akusaka Aang, mwini nkhaniyo, pa chiyambi, sasintha mtima mwadzidzidzi. Amayandikira kusintha, n'kubwerera m'mbuyo kumapeto kwa chaka chachiwiri, kugalukira amalume ake amene amamukonda, kenako n'kudzalapa m'chaka chachitatu. Ulendo wotere umafuna anthu okhala pansi ndi kuona magawo onse 61 nthawi imodzi. Amatchulanso Alex Hirsch, ndipo apa amamwetulira, chifukwa Hirsch anaphunzira ntchito pa Flapjack limodzi ndi Ward ndi Quintel. Ndi mwana wa pensulo weniweni. Koma atayamba Gravity Falls mu 2012, nkhani ya zinsinsi imene inabisa kwa nthawi yaitali zoti Stan, mmodzi wa anthu a m'nkhaniyo, ali ndi m'bale wake wamapasa, anasankha sikiripiti. Chinsinsi chimene zizindikiro zake zamwazidwa m'magawo 40 sichingasiyidwe m'manja mwa anthu osiyanasiyana kuti aliyense apeke zake.

A pensulo ali nalo yankho. Steven Universe inali ya njira ya pensulo koma inasunga chinsinsi chake chachikulu, chokhudza mayi ake a Steven, kwa zaka pafupifupi zisanu. N'zoona. Koma inatero chifukwa Sugar ndi alembi a zidule ankagwira mwamphamvu msana wa nkhaniyo, ndipo mtengo wake unaoneka kwina: oonera ankadandaula kuti munthu yemweyo akuoneka wamtali m'gawo ili, wamfupi m'gawo linalo, malinga ndi amene wajambula. Ena amati kumeneko ndiko kukoma kwake, kuti umazindikira dzanja la wojambula. Ine sizindivuta. Koma mwini sitolo ya zidole ndi mwana wa zaka zinayi onse amafuna kuti munthu wawo azioneka chimodzimodzi mawa.

Mwana wa zaka zinayiyo ndiye mfundo yachiwiri ya mbali ya sikiripiti, ndipo apa a pensulo alibe zambiri zonena. Mapulogalamu a ana osayamba sukulu ndi ophunzitsa. Ku America lamulo la mu 1990 linakakamiza mawailesi a kanema kuonetsa mapulogalamu a maphunziro kwa ana, ndipo mu 1996 boma linanena kuti akhale maola osachepera atatu pa mlungu. Opanga Blue's Clues, imene inayamba chaka chomwecho, ankatenga nkhani ya gawo lililonse kupita nayo kwa ana a kumkaka isanapangidwe, kukaona pamene atayika, liwu limene sanalimve, funso limene lawakulira. Dora the Explorer ya mu 2000 imafunsa funso n'kukhala chete kudikira kuti mwana ayankhe. Liwu lililonse m'mapulogalamu otere limayezedwa ndi akatswiri a maphunziro, ndipo wojambula sangalisinthe chifukwa choti lamubwerera lina loseketsa. Chimodzimodzi Ubongo ya ku Dar es Salaam, imene imaphunzitsa masamu ndi sayansi kudzera m'makatuni oyambira m'Chiswahili n'kumasuliridwa m'zinenero zina za mu Africa. Phunziro la kugawa manambala liyenera kukhala lolondola lisanakhale lokongola, ndipo womasulira amafuna mawu okhazikika oti agwirepo.

Mfundo yachitatu siitchulidwa kawirikawiri koma ndiyo imatikhudza ife. Lamulo la Kricfalusi loti wosajambula asalembe limatseka chitseko. Ojambula storyboard ambiri otchuka a ku America anadutsa m'masukulu ochepa odula, makamaka CalArts ku California, kumene Hillenburg, Ward, Quintel ndi Hirsch onse anaphunzira. Munthu wa nkhani yabwino amene sanapiteko alowere pati? Malenga Mulendema wa ku Zambia analowera pa pepala. Ganizo lake la atsikana anayi olimbana ndi zigawenga mu Lusaka wa m'tsogolo linasankhidwa mu 2015 pa mpikisano wa Story Lab wa situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town, ndipo mu July 2023 linatuluka pa Netflix ndi dzina loti Supa Team 4, litalembedwa ndi gulu la alembi achizimayi ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa. Ntchito yake inagawidwa m'maiko angapo. Chimene chinasunga Lusaka m'nkhaniyo, kalankhulidwe ka atsikanawo, ulemu wawo kwa akuluakulu, kuzimazima kwa magetsi, ndi mawu amene alembiwo analemba. Akanangotumiza chidule cha masamba awiri kwa ojambula amene sanapondepo ku Lusaka, mipata yonse ikanadzazidwa ndi nthabwala za kwawo kwa ojambulawo.

A pensulo akapanikizidwa chonchi amatulutsa chidandaulo chawo cha tsiku ndi tsiku, ndipo n'chomveka. Mlembi amene saona zithunzi m'mutu mwake amalemba zosajambulika. Kutaipa kuti asilikali chikwi akutsika phiri atakwera akavalo kumamutengera masekondi asanu, wojambula n'kulira nazo mlungu wathunthu. Amalemba masamba ochuluka kuposa mphindi zimene zilipo, wojambula n'kujambula zonse, kenako gawo lina n'kudulidwa. Amaimika anthu awiri m'chipinda kuti azilankhulana kwa mphindi zitatu, ngati sewero la pawailesi. Choipitsitsa, amalemba nthabwala za mawu zoseketsa alembi anzake, zimene mwana sazimva ndipo womasulira sangaziwolotse. Zonsezi ndi zoona. Koma ndi matenda a sikiripiti yoipa, osati a sikiripiti iliyonse. Njira ya pensulo nayonso ili ndi matenda ake: nkhani yongoyendayenda yopanda kolowera, kukuwa m'malo mwa nthabwala, ndi nkhope yopindika imene ikubisa kuti ganizo latha.

Anthu a ku Japan akamva mkanganowu akhoza kudabwa, chifukwa kwawo funsoli linayankhidwa mwina. Makatuni awo a pa wailesi ya kanema amakhala ndi sikiripiti, koma chikalata chimene chimalamula ndi storyboard, imene amaitcha e-konte. Pepala lake limagawidwa m'mizere yotsika: nambala ya chochitika, chithunzi, zochitika, zolankhula, ndi masekondi. Kawirikawiri amene amajambula ndi woyang'anira filimu mwiniwake kapena katswiri wina wamkulu, ndipo ali ndi mphamvu yodula kapena kusintha zimene mlembi analemba. Heidi ya mu 1974, ya magawo 52, inayang'aniridwa ndi Isao Takahata, Hayao Miyazaki akuyala maonekedwe a zithunzi, ndipo Yoshiyuki Tomino anajambula e-konte ya magawo ambiri. Kukoma kwa katuniyo kuli m'zinthu zazing'ono, kamtsikana kakuvula zovala zolemera uku kakuthamangira kukwera phiri, tchizi akusungunuka pamoto, zimene zimafuna munthu wa diso amene wapatsidwa ufulu wozipatsa nthawi. Ku Australia kuli chitsanzo china. Bluey, imene inayamba mu 2018 ku situdiyo ya Ludo ku Brisbane, imalembedwa ndi sikiripiti, koma Joe Brumm amene analemba pafupifupi magawo ake onse ndi wojambula amene anagwirapo ntchito pa Charlie and Lola ku London. M'gawo lotchedwa Rain, kagalu kakuyesa kutchinga madzi a mvula oyenda pakanjira ka panyumba, mayi ake akulimbana nako kuti kasalowetse matope m'nyumba, mpaka mayiyo n'kuyamba kuthandiza nawo kutchinga. Mphindi 7, pafupifupi popanda liwu.

Wina anganene kuti zitsanzo ziwirizi zathetsa mlandu, kuti chofunika n'kusakaniza. Ine sindikuganiza choncho, chifukwa m'situdiyo yeniyeni nthawi imafika pamene mlembi ndi wojambula asiyana maganizo, ndipo wina ayenera kupambana. Pa makatuni oseketsa a mphindi 7 kapena 11, ine ndili ndi wojambula popanda kuzengereza. Mtundu umenewu ndi wa thupi, wa nkhope, wa nthawi, ndipo sikiripiti yathunthu imangoumanga miyendo. Pa ophunzitsa ndi pa nkhani zazitali zolumikizana, mlembi atsogole, koma sikiripiti yake isakhale lamulo losakhudzika. Japan ndi Bluey akusonyeza kuti sikiripiti imakoma pamene mawu omaliza ali ndi munthu amene amaganiza m'zithunzi. Ndikanakhala ndi udindo m'situdiyo ya sikiripiti, ndikanalola wojambula kufufuta mzere uliwonse umene nkhope yaunena kale.

Ndiyeneranso kuchenjeza a mbali yanga kuti asamanyadire mopitirira, ndipo SpongeBob yemweyo ndiye chenjezo. Okonda katuniyi ambiri amati zaka zake zokoma ndi zoyambirira, kuyambira 1999 mpaka filimu ya mu 2004, ndipo amati pambuyo pake inazilala. Koma magawo amene amawadandaulawo ankapangidwa mwa njira yomweyo ya chidule ndi pensulo. Chimene chinasintha ndi anthu: Hillenburg anasiya kuyang'anira ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo ojambula angapo oyambirira anapita kwina. Pulogalamuyi inadzasamukira ku sikiripiti cha m'ma 2015, kudandaulako kutayamba kalekale.

Pali chinthu china chimene chimandiletsa kuombera m'manja njira ya pensulo mmene ikuchitikira lero. Kale storyboard inali yokhwatchakhwatcha, zithunzi zochepa zosonyeza ganizo, ndipo panali anthu ena oyala maonekedwe ndi ena owerengera nthawi. Kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 2000 ntchitoyi inasamukira pa kompyuta, pa pulogalamu ya Storyboard Pro ya kampani ya Toon Boom ya ku Montreal ndi masikirini ojambulapo a Cintiq. Popeza kuwonjezera kabokosi kunakhala kosavuta, masitudiyo anayamba kufuna timabokosi tochuluka, toyera bwino, tosonyeza kusuntha kulikonse, kuti ojambula a ku Seoul kapena Manila asasowe choona. Timabokosito timalumikizidwa ndi mawu n'kukhala kafilimu koyeserera kotchedwa animatic. Ntchito zingapo zimene kale zinali za anthu osiyana zinagwera munthu mmodzi. Pa pulogalamu ya board-driven munthu yemweyo ndiyenso mlembi.

Dzina lake limaoneka, inde. Gawo lililonse la Adventure Time limayamba ndi maina a amene analemba ndi kujambula. Koma ojambula a m'bungwe lawo la ogwira ntchito ku Los Angeles, The Animation Guild, akhala akudandaula kuti masiku opatsidwa ndi malipiro sizinakwere molingana ndi katunduyo, ndipo ambiri amamalizira ntchito usiku ndi Loweruka. Alembi nawonso sali pabwino: a makatuni amene ali m'bungwe lomwelo amalandira zochepa poyerekeza ndi anzawo a mafilimu a anthu enieni amene ali mu Writers Guild of America, ndipo pa zokambirana za mu 2021 ndi 2022 nkhaniyi inafika poyera. Situdiyo ikamanena kuti yasankha board-driven chifukwa imalemekeza ojambula, ndi bwino kuifunsa kuti wojambulayo wapatsidwa milungu ingati pa mphindi 11, ndiponso ngati ndalama zimene zikanapita kwa mlembi wa sikiripiti zapita kwa iye kapena zatsala m'thumba la kampani.